Chilatini cha ku Yunivesite: Chifukwa Chake Mpingo Ukufunabe Akatswiri Ake

Pa Biriwiri m'boma la Ntcheu, msewu wa M1 umadutsa m'malire a Malawi ndi Mozambique. Tsidya linalo chiyankhulo cha boma ndi Chipwitikizi, chomwe chinabadwa kuchokera ku Chilatini, chiyankhulo cha Aroma akale. Chipwitikizicho chinasiya mapazi ake m'Chichewa: mawu oti "kalata" anachokera ku "carta", ndipo "kapitawo" gwero lake ndi "caput", kutanthauza mutu. Nawonso mawu oti "Misa" ndi "sakramenti" ndi a Chilatini. M'boma lomweli, ansembe a chipani cha Montfort anatsegula mishoni ya Nzama mu 1901, ndipo Misa inkachitika m'Chilatini kufikira Msonkhano Wachiwiri wa Vatican utaloleza ziyankhulo za anthu mu 1963.

Kuyimba nyimbo ya Chilatini n'kosiyana kwambiri ndi kuchiphunzira pa digiri ya masitazi kapena ya udokotala. Wophunzira wa pamwamba amayenera kukhala atadziwa kale malamulo a chiyankhulochi. Pamene Chichewa chimasintha kumayambiriro kwa mawu, monga "munthu" ndi "anthu", Chilatini chimasintha kumathero: "Deus" ndi Mulungu akamachita chinthu, "Dei" ndi "wa Mulungu", "Deo" ndi "kwa Mulungu". Kulakwitsa chilembo chimodzi kukhoza kutembenuza tanthauzo la chiganizo chonse.

Kuchokera apo, wophunzira amawerenga mabuku athunthu a alembi akale popanda womasulira: zokamba za Cicero, amene anaphedwa mu 43 Khristu asanabadwe, ndakatulo yaitali ya Virgil yotchedwa Aeneid ya m'magawo 12, ndi mbiri ya Aroma yolembedwa ndi Livy. Popeza mabukuwa anakopedwa pamanja kwa zaka mazana ambiri, makamaka ndi amonke, makope ake amasiyana. Choncho amaphunziranso kuwerenga zolemba zakale za pamanja ndi kuziyerekeza kuti apeze zomwe mlembi analembadi. Pomaliza amalemba kafukufuku wakewake ndi kumuteteza pamaso pa akatswiri.

Ena amati awa ndi maphunziro a Azungu, koma mbiri siyivomereza. Terence, Apuleius, Tertullian ndi Cyprian Woyera anali a kumpoto kwa Africa. Augustine Woyera, amene anabadwira ku Thagaste mu 354 ndi kumwalira ali episkopi wa Hippo mu 430, anakula akuwerenga Virgil ndi Cicero. Wosadziwa alembi awiriwa zimamuvuta kumvetsa kalembedwe kake.

Kuno kwathu, sukulu ya Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, inayamba ndi Chilatini ndi Chigiriki monga maphunziro a ophunzira onse, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ku Chancellor College ku Zomba kunakhazikitsidwa nthambi ya maphunzirowa. Ofuna kupitiriza angayang'ane ku mayunivesite a ku South Africa monga Cape Town ndi Stellenbosch, kapena ku Roma, kumene Papa Paul VI anakhazikitsa sukulu yapamwamba ya Chilatini mu 1964, imene ili pa yunivesite ya chipani cha Salesian.

Nanga phindu lake n'chiyani kwa mkhristu wa ku Biriwiri? Buku la Misa ndi Malamulo a Mpingo gwero lake ndi Chilatini, ndipo lamulo 249 limafuna kuti ophunzira unsembe achidziwe bwino. Chikalata cha Liturgiam authenticam cha 2001 chinalamula kuti mapemphero a Misa azimasuliridwa kuchokera ku Chilatini chenicheni, ndipo mu 2017 Papa Francis anapereka udindo waukulu pa ntchitoyi kwa maepiskopi a dziko lililonse. Ngati palibe Amalawi odziwa Chilatini ndi Chichewa mozama, omasulira amadalira Chingerezi, ndipo mawu apatsidwa ndi patsidwa satha kufika onse.

Mwana wa sukulu amene akuonetsa luso pa ziyankhulo, kaya ali ku seminale ya Mtendere kapena ku sekondale ya kumudzi, ayenera kulimbikitsidwa msanga, pakuti kuwongola mtengo n'kuyamba uli waung'ono. Mapemphero a Chichewa amene ana athu adzapemphere mawa adzadalira anthu otere.