Kudula korali kuti ichuluke

Korali imaoneka ngati mwala, koma ndi tizilombo tamoyo. Timadalira ndere zokhala m'thupi mwawo momwemo, ndipo nderezo zimafuna kuwala, n'chifukwa chake nyale ya pa akwariyamu yanga imayaka usana wonse. Madzi ake ndi amchere, magalamu 35 pa lita, ofunda madigiri 25. M'madzi a mbuna singakhale.

Ikakula ndimathyola kanthambi kochepa ngati chala, n'kukamata ndi guluu pa kachidutswa ka simenti. Kakagwira pakapita masabata angapo, ndimagawirako mnzanga, koma iye azikaviika kaye m'mankhwala ophera nyongolotsi.

Korali ya mtundu wa Acropora ndi yovuta, ongoyamba kumene aisiye. Korali ina ya mtundu wa zoanthid ili ndi poizoni wa palytoxin, choncho podula muzivala magolovesi ndi magalasi.