Ku Livingstone magule akuyenda malonda, chilankhulo chikuzilala

Pamsika wa Maramba, mayi wogulitsa kapenta amalonjera kasitomala m'Chitonga, kunenerera mtengo m'Chilozi, chenji n'kubweza m'Chinyanja. Palibe amene amatembenuka kuti adabwe. Mzinda wa Livingstone unabadwa wosakanizika chomwechi.

Eni nthaka kuno ndi Aleya ndi Atoka, omwe David Livingstone anawapeza pamene anafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya mu 1855. Mlatho wa pa Zambezi utatha mu 1905, njanji inayamba kutula alendo. Azungu anasamuka ku Old Drift, komwe malungo ankawapulula, n'kumanga pamtunda. Alozi anatsika kuchokera kumadzulo kudzacheka matabwa ku Zambezi Sawmills, amwenye anatsegula masitolo, ndipo Ayuda anamanga sunagoge yemwe lero ndi tchalitchi. Kuyambira 1911 mpaka 1935 pano panali likulu la Northern Rhodesia, yomwe lero ndi Zambia. Aliyense anabwera ndi ndiwo zake, mapemphero ake ndi maliridwe ake a maliro, ndipo ana awo anakwatirana.

Lero amene akuumba chikhalidwe cha mzindawu ndi mlendo wodzaona malo. Pitani ku Mukuni Park. Mnyamata wakhala pachitsa, akupukuta mvuu yosema ndi polishi wa nsapato kuti inyezimire, kumbuyo kwake kwapachikidwa zigoba za makishi, gule wa Aluvale a kutali kumpoto chakumadzulo. Wogula safunsa kuti chigobacho n'cha ayani. Madzulo m'mahotela anyamata amavala zikopa, kuvina mphindi zowerengeka, kenako kuyendetsa chipewa.

Sindikuwadzudzula. Ndalama imeneyi ikulipira fizi, ndipo luso losema likadatha kalekale pakadapanda ogula. Chikhalidwe sichinayambe chaimapo malo amodzi. Ngakhale chimanga cha nsima yathu chinachokera ku America.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti msika umasankha. Umasunga zooneka ndi zojambulika, n'kusiya zomwe sizilowa m'chikwama. M'mudzi wa Mukuni mfumu silamulira yokha. Pali Bedyango, mayi amene amagawa malo, amakhala ndi mawu posankha mfumu, komanso amatsogolera mwambo wa Lwiindi popempha mvula kwa makolo. Ulamuliro wogawana chotere pakati pa mwamuna ndi mkazi ndi nzeru yakuya, koma ndi alendo angati amabwerera kwawo atamva za iye?

Nkhani ya chilankhulo ndiye yowawa kwambiri. Boma la Zambia linavomereza zilankhulo zisanu ndi ziwiri za m'madera, ndipo Chileya palibepo. Mwana wa Mleya amawerenga Chitonga cha m'mabuku kusukulu, amasewera mpira m'Chinyanja ku Dambwa, ntchito amakaipempha m'Chingerezi. Ife olankhula Chinyanja timakondwa kumva chilankhulo chathu chikumveka mpaka m'mphepete mwa Zambezi, koma tizidziwa kuti pamene chikufalikira pali china chimene chikupanikizika.

Livingstone Museum, yomwe inayamba mu 1934, ingasunge ng'oma ndi mikondo m'magalasi. Mapemphero a Lwiindi amafuna munthu wamoyo wodziwa mawu ake, ndipo munthuyo ayenera kuwaphunzira akadali mwana.