Kuzima ndi kuyakanso kwa kompyuta chifukwa cha RAM

Kuzima ndi kuyakanso kwa kompyuta chifukwa cha RAM ndi vuto limene kompyuta imasiya ntchito mwadzidzidzi n'kuyambiranso yokha popanda woilamula. Nthawi zina sikirini imayamba yasanduka yabuluu, nthawi zina imangoda bii. Ntchito imene inali isanasungidwe imatayika, ndipo mafayilo amene ankalembedwa pa diski nthawiyo amatha kuwonongeka. Vutoli lili ndi magwero awiri amene zizindikiro zake n'zofanana: RAM yawonongeka, kapena RAM ndi yabwinobwino koma ikulandira mphamvu ya magetsi yosagwirizana ndi liwiro lake.

Mmene RAM imagwirira ntchito

RAM ndi chidule cha mawu achingerezi akuti Random Access Memory. Ndi malo amene kompyuta imasungako kwakanthawi zonse zimene ikugwiritsa ntchito. Mkati mwake muli timaselo mabiliyoni ambiri, ndipo kaselo kalikonse kamasunga 0 kapena 1 pogwiritsa ntchito magetsi ochepa kwambiri. Magetsiwa amatha msanga, choncho kaselo kalikonse kamadzazidwanso pafupifupi mamilisekondi 64 alionse. Kaselo kamodzi kakasintha 0 kukhala 1 pamalo ofunika, purosesa imawerenga lamulo lolakwika. Windows ikazindikira zimenezi imaimitsa zonse n'kuyambitsanso kompyuta, kuopa kulemba zolakwika pa diski.

Mphamvu ya magetsi

Mphamvu ya magetsi imayezedwa m'mavolt, chizindikiro chake ndi V. Bungwe la JEDEC, limene limakhazikitsa miyezo ya RAM, linaika 1.8 V pa DDR2, 1.5 V pa DDR3, 1.35 V pa DDR3L, 1.2 V pa DDR4 ndi 1.1 V pa DDR5. RAM iliyonse ili ndi kachipu kotchedwa SPD kamene kamauza motherboard liwiro ndi mphamvu zoyenera.

RAM zina zimagulitsidwa ndi liwiro loposa muyezo wa JEDEC. Kuti zifike paliwirolo, munthu amayatsa XMP, njira ya kampani ya Intel, kapena EXPO ya kampani ya AMD, mu BIOS, pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito kompyuta ikangoyatsidwa. DDR4 yothamanga chonchi kawirikawiri imafuna 1.35 V. Liwiro likakwezedwa koma mphamvu n'kutsala pa 1.2 V, kompyuta imatha kuyaka bwinobwino, kenako n'kuzima ikapanikizika ndi magemu kapena kukonza mavidiyo.

Mphamvu yopitirira nayonso ndi yoopsa, chifukwa imatenthetsa zipangizo ndi kuzikalambitsa msanga. Mu 2023 mapurosesa ena a Ryzen 7000 atapsa, AMD inatulutsa BIOS yatsopano yoletsa mphamvu ya gawo la purosesa lotchedwa SoC kupitirira 1.3 V.

Kusakaniza RAM zosiyana kumabweretsanso vuto lomweli. DDR3 ndi DDR3L zimaoneka mofanana ndipo zimalowa pamalo amodzi, koma malaputopu ambiri okhala ndi purosesa ya Intel Core ya m'badwo wachinayi amafuna DDR3L yokha.

Kufufuza vutoli

Amisiri a makompyuta amasintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi. Akasintha zambiri pamodzi, sangadziwe chimene chathetsa vutolo.

Choyamba ndi kuwerenga uthenga wa vutolo. Mu Windows munthu amatha kuletsa kompyuta kuti isamayambirenso yokha, kuti sikirini yabuluu ikhalitse. Mawu monga MEMORY_MANAGEMENT amaloza ku RAM. Pulogalamu ya Event Viewer imalemba Kernel-Power 41, koma izi zimangosonyeza kuti kompyuta inazima mosayenera, sizitchula chifukwa chake.

Chachiwiri ndi kubwezera BIOS mmene inachokera kufakitale, zimene zimazimitsa XMP kapena EXPO. Kompyuta ikamakana kufika mu BIOS, kuchotsa kwa mphindi zochepa kabatire kozungulira ka CR2032 kamene kamakhala pa motherboard kumafufuta zimene zinasinthidwa. Vuto likatha apa, ndiye kuti linali la liwiro kapena mphamvu, ndipo palibe chifukwa chogulira RAM ina.

Chachitatu ndi kuzula RAM n'kuibwezeretsa. Kompyuta iyenera kukhala yozima ndi yozulidwa kumagetsi. RAM imagwiridwa m'mbali, osati pa timano take tagolide, ndipo fumbi la pamalo polowetsa RAM limapemereredwa ndi mpweya wouma.

Chachinayi ndi kuyeza ndi pulogalamu. MemTest86, imene Chris Brady anaiyamba mu 1994, ndi Memtest86+ zimayenda kuchokera pa flash popanda Windows. Zimalemba manambala m'timaselo tonse n'kuwawerenganso kuti zione ngati asintha. Windows ilinso ndi yake, Windows Memory Diagnostic. Kuyeza kumatenga maola angapo, chifukwa zolakwika zina zimaoneka RAM ikatentha. Ngakhale cholakwika chimodzi chokha chimasonyeza kuti pali vuto.

Chachisanu ndi kuyeza RAM imodziimodzi. Zolakwika zikamatsatira RAM imodzi paliponse pamene yaikidwa, RAM imeneyo ndiye yowonongeka ndipo iyenera kusinthidwa, chifukwa timaselo take sitikonzedwa. Zikamaoneka pamalo amodzi okha ngakhale paikidwe RAM ina, vuto lili pa motherboard kapena purosesa.

Zina zoyambitsa vuto lofanana

RAM ikapambana mayeso onsewa, amisiri amayang'ana kwina: bokosi logawa magetsi mkati mwa kompyuta litafooka, purosesa ikamatentha chifukwa fani yadzaza fumbi, madiraiva olakwika, kapena magetsi a m'nyumba akamatsika ndi kukwera. Makompyuta akuluakulu a m'mabanki ndi m'makampani amagwiritsa ntchito RAM ya mtundu wa ECC, imene imazindikira ndi kukonza yokha kaselo kamodzi kakalakwitsa.