Anam'tenga Kuti Akaphunzire Sukulu

Pa 30 Julaye chaka chilichonse, dziko lapansi limakumbukira nkhondo yolimbana ndi mchitidwe wozembetsa ndi kugulitsa anthu. Kuno kwathu mwambowo umakhala wa ndawala, matisheti ndi zolankhula, ndipo zitsanzo zake n'zomwe zija. Amatchula amayi amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito yabwino, n'kukalandidwa mapasipoti atangofika. Amatchulanso mitembo pafupifupi 30 imene inapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu Okutobala 2022, ya anthu oganiziridwa kuti ankachokera ku Ethiopia. Nkhani zotere n'zoopsadi, komabe womvera amabwerera kunyumba mtima uli m'malo, chifukwa wolakwayo amakhala munthu wakutali, wosam'dziwa.

Kumayadi kwina mumzinda wa Lilongwe kuli mtsikana amene kungomuona sangapitirire zaka 13. Kwawo n'ku Phalombe. Anabwera pa basi ndi mayi wina wa m'mudzi mwawo amene amachita geni m'tauni. Makolo ake anauzidwa kuti mwanayo akapitiriza sukulu, ndipo ntchito yake ikakhala kungoseweretsa khanda akaweruka. Mayi wom'bweretsayo analandira yoyendera ndi kangachepe ka sopo kwa adona a pakhomopo, n'kuona msana wa njira.

Mtsikanayu amadzuka kusanache. Amakolopa, kuteleka madzi osamba, kukonza phala, kenaka kupukuta nsapato za mwana wa pakhomopo amene ndi msinkhu wake ndithu. Amam'nyamulira chikwama mpaka pagalimoto, n'kuthamanga kukatsekula geti. Dzuwa likamakwera amakhala ali kuseri ndi beseni la zochapa, khanda lili kumbuyo, chitenje atachimanga mfundo ziwiri chifukwa chimam'kulira. Zala zake n'zosupuka ndi sopo. Amadya onse akamaliza, ali chiimire m'khichini, m'mbale yake ya pulasitiki imene siisakanizidwa ndi zinzake. Usiku amayala mphasa pomwepo, pakati pa firiji ndi thumba la makala. Alendo akabwera amam'tchula kuti mwana wathu wa kumudzi, ndipo iye amagwada popereka moni mwaulemu wosiririka.

Yunifolomu sanaione. Malipiro sadutsa m'manja mwake. Amatumizidwa pafoni kwa amayi ake, mwezi wina inde, mwezi wina ayi. Foni alibe, ndipo njira ya kudepoti saidziwa. Getilo palibe amene amam'khomera ndi loko, koma atatuluka angalowere kuti?

Apa m'pamene pagona mkangano. Adona ngati amenewa, ndipo alipo ambiri, sadziona ngati ozembetsa anthu. Amati akuthandiza. Kumudzi mwanayo akanagona ndi njala, mwinanso bwenzi atakwatiwa kale, pamene pano akudya katatu ndipo anam'gulira masilipasi. Amakumbutsanso kuti kulera mwana wa mbale ndi chikhalidwe chathu, paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mfundo imeneyi si yongotaya. Aphunzitsi, anamwino ndi akuluakulu ambiri a m'maofesi lero anafika pomwe alipo chifukwa amalume kapena azakhali a m'tauni anawatenga, ndipo nawonso ankatsuka mbale.

Koma lamulo lolimbana ndi kuzembetsa anthu la 2015 siliyang'ana ubwino wa mtima. Limafunsa ngati munthu anakopedwa, kunyamulidwa, kusungidwa kapena kulandiridwa ndi cholinga chom'dyera masuku pamutu, kaya wadutsa malire a dziko kaya wangochoka boma lina kupita lina. Akakhala mwana wosakwana zaka 18, kuvomera kwa makolo sikupulumutsa munthu. Chilango chimafika zaka 14 m'ndende, ndipo pa mwana chimafika 21.  Malipiro a sukulu ya pulaimale anachotsedwa mu 1994, choncho chimene chikulepheretsa mtsikana uja kulowa m'kalasi si ndalama ayi. Akapita kusukulu, khanda likhala ndi yani?

Oona nkhaniyi ndi diso la kakhalidwe ka anthu amati tiyang'ane kumene ana amenewa amachokera ndi kumene amalowera. Ulendo wake ndi wa mbali imodzi: kuchoka kwa osauka kupita kwa opeza bwinoko. Sizinamvekepo kuti mwana wa kumayadi watumizidwa ku Phalombe kukalera khanda la mlimi. Ndipo makwererowo sathera ku Lilongwe. Mayi wa m'tauni amene wasowa pogwira ndi yemwe amakwera ndege ya ku Oman, kumene dongosolo la kafala limamangirira wantchito kwa bwana mmodzi, moti kuchoka popanda chilolezo kumasanduka mlandu. Adona amene amadandaula pa WhatsApp za nkhanza za kumeneko nthawi zina amatero tiyi wawo atawaikira mwana wa zaka 13.

Kuti anawa azichokera madera omweomwewo si ngozi. M'nthawi ya atsamunda, minda yachonde ya ku Thyolo ndi Mulanje inapita kwa eni maesiteti, anthu n'kumalipira malo okhala pogwira thangata. Kuchepa kwa malo kumeneko ndi m'maboma oyandikana nawo kunadzetsa ulendo wina: malole odzaza mabanja opita kukakhala matenanti a fodya ku Kasungu, Mchinji, Mzimba ndi Rumphi. Kumeneko phoso, feteleza ngakhale mtengo wa ulendowo zinkalembedwa m'kaundula wa ngongole, ndipo fodya akagulitsidwa kuokushoni ena ankatsala chimanjamanja. Boma linathetsa utenanti mwalamulo mu 2021, ngakhale umphawi umene unkakweza anthu malole aja udakalipo.

Chovuta china n'chakuti mlandu wa m'nyumba ulibe woudandaula. Mayi wa mwanayo sangakasume chifukwa kandalama kaja ndi komwe akugulira ufa, komanso wom'tenga mwanayo amapemphera naye mpingo umodzi. Oyandikana nawo nyumba sanganene kanthu, poti kuseri kwawonso kuli wawo.

M'magulu a pafoni a amayi a m'tauni, uthenga wofuna wantchito sumasowa, ndipo kalembedwe kake kamafanana. Samangoti akufuna mtsikana. Amawonjezera kuti akhale wochokera kumudzi kwenikweni, wamng'onoko, wosachangamuka, amene alibe abale m'tauni muno. Atsikana a ku Mtandire kapena ku Chinsapo ambiri sawafuna. Akuti amavuta, amafunsa za malipiro tsiku loyamba lomwe, ndipo Lamulungu amafuna kupita kwawo.