Kuwinga Mbalame pa Mbedza ku Namibia

Tonsefe tidziwa kuwinga mbalame m'munda wa mapira. Asodzi a ku Namibia nawonso amawinga mbalame, koma iwo amatero kuti azipulumutse.

Zombo za ku Walvis Bay zimaponya m'nyanja yamchere chingwe chotalika mamailosi angapo, chokhala ndi mbedza zikwizikwi. Nyambo isanamire, mbalame zimaithamangira, nizikodwa pa mbedza, ndipo chingwe chimazikokera pansi pa madzi. Msodzi amataya nyambo, koma mbalame imataya moyo. Chomvetsa chisoni nchakuti mbalame yaikulu yotchedwa albatross imaikira dzira limodzi lokha, ndipo kholo likafa, mwana amafa ndi njala kuchisa.

Mankhwala ake ngapafupi. Kumbuyo kwa chombo amamanga chingwe china m'mwamba, nalendewezako tinsanza towala tomakupiza ndi mphepo. Nzeruyi anaiyamba ndi asodzi a ku Japan. Mbalame zimaopa, mbedza nizimira bwinobwino. Kumangirira zolemera ku chingwe cha mbedza ndi kuponya usiku kumathandizanso.

Boma la Namibia linaika lamulo la zimenezi m'chaka cha 2015. Akatswiri anawerengera kuti mu 2009 mbedzazi zinapha mbalame zoposa 22,000, pamene mu 2018 zinapha pafupifupi 215 zokha.