Mbaula ya Anapiye Isapitirire Muyeso

Tikafika ku Mphunzi mwezi wa Juni, chisanu cha ku Dedza chimatilonjera tisanatsike n'komwe m'galimoto. Nkhungu imakuta phiri lija la zojambula zamakedzana, ndipo amene wagula anapiye a mabuloila amagona tulo ta maso, kuopa kuwapeza atauma m'mawa. Ndiye timakoleza mbaula, n'kutseka mpata uliwonse ndi masaka. Pakapita milungu isanu ndi umodzi nkhuku zija n'zopepuka, chidali chopyapyala, ndipo timaloza chala wogulitsa chakudya. Kawirikawiri cholakwa chinachitika sabata yoyamba, pafupi ndi mbaula.

Mwanapiye amaswa ali kale ndi timaulusi ta minofu tokwanira moyo wake wonse. Chotsala n'chakuti timaulusito tinenepe. Ntchitoyi imadalira timaselo tina tomwe timakhala titamatirira m'mbali mwa ulusi uliwonse. Timagawikana, kuchulukana, kenaka n'kulowa mu ulusiwo kuti ukule. Akatswiri amatitcha satellite cells, ndipo Alexander Mauro anatifotokoza mu 1961 atationa m'mnofu wa chule. Ifenso tili nato. N'timene timakonza minofu yathu tikagwira khasu tsiku lonse.

Mwa nkhuku, timaseloti timachulukana kwambiri m'sabata yoyamba, kenaka timachepa msanga. Masiku amenewo sabwereranso.

Kutentha kumatikhudza mbali ziwiri. Ku Israel, Orna Halevy ndi anzake anaika anapiye a masiku atatu pa madigiri 37.5 kwa maola 24 okha, ndipo mu 2001 analengeza kuti timaselo tija tinachuluka, chidali n'kukula bwino. Koma kumeneko kunali kutentha koyezedwa, kwa tsiku limodzi. Kukapitirira masiku ambiri zinthu zimatembenuka: anapiye amasiya kudya, timaselo timachepa, ndipo m'mnofu mumadzala mafuta. Mbaula ya makala siiwerenga madigiri, choncho sitikulangiza aliyense kuyesa zimenezi m'khola la kuseri kwa nyumba.

Sabata yoyamba anapiye amafuna madigiri 32 mpaka 34 pamene aimapo, osati pamene pali mutu wathu. Tizitsitsa pafupifupi madigiri atatu sabata iliyonse. Ngati tilibe choyezera, anapiye eni ake amanena. Akaunjikana pansi pa mbaula uku akulira, azizidwa. Akathawira kumakoma, mapiko atatambasula, kukamwa kuli yasa, tawaotcha. Akamwazikana ponseponse, ena akudya ena akugona, tasiya bwino.

Chovuta ku Mphunzi n'chakuti usiku ndi masana zimasiyana kutali. Moto woyenera 3 koloko mbandakucha ndi wochuluka dzuwa likafika pamutu, makamaka pansi pa malata. Ambiri timakumbukira kuwonjezera makala usiku, koma kuphula mbaula masana timaiwala tili kudimba.

Makalawo ayambe ayakira panja mpaka utsi utatha, ndipo pamwamba pa khola tisiye mpata wa mpweya. Mpweya wa makala ulibe fungo, koma umapha anapiye, umaphanso mwana amene tamugoneka m'chipinda chomwecho kuti aziwayang'anira.