Mwana Wathu Akuchita Humanities: Kodi Adzagwira Ntchito Yanji?

Chaka chilichonse bungwe la NCHE likatulutsa mayina a ophunzira amene asankhidwa kupita kusukulu za ukachenjede za boma, m'makomo ambiri mumakhala chimwemwe. Koma mwana akanena kuti amusankhira maphunziro a Humanities ku University of Malawi ku Zomba, chimwemwe chija chimatsatana ndi funso lakuti: "Ndiye ukamaliza udzakhala ndani?" Mnzake amene wapita ku KUHeS amatha kuyankha mosavuta kuti adzakhala namwino kapena dokotala. Wa Humanities nthawi zambiri amangokanda m'mutu.

Funsoli si lachibwana. Makolo amagulitsa mbuzi ndi chimanga kuti mwana aphunzire zaka zinayi, ndipo ngongole ya ku Loans Board iyenera kudzabwezedwa. Choncho tiyeni tiliyankhe mwachilungamo.

Maphunziro amenewa ndi otani?

Awa ndi maphunziro monga Chingerezi ndi zolembalemba, Chifalansa, zilankhulo za mu Africa, filosofi, za zipembedzo, mbiri yakale, zisudzo, nyimbo ndi zojambula. Ku America ali m'gulu la maphunziro otchedwa liberal arts. Kuno kwathu amapezeka ku Zomba, ku Mzuzu University komanso m'mayunivesite ena omwe si a boma.

Digiri ya uinjiniya kapena ya unamwino imatchuliratu dzina la ntchito. Ya Humanities sitero. Imapatsa munthu luso lowerenga chikalata chachitali n'kutolamo mfundo, kulemba zomveka, kuyeza umboni asanavomereze nkhani, ndiponso kulankhula ndi anthu osiyanasiyana. Luso limeneli limafunika m'maofesi ambiri, koma palibe ofesi imene imalemba munthu chifukwa cha lusoli lokha. Wophunzira ayenera kusankha yekha khomo limene akufuna kudzalowera, ndipo asankhe akadali pasukulu.

Makomo amene alipo

Khomo loyamba ndi uphunzitsi. Chingerezi, Chichewa, History ndi Social Studies zimaphunzitsidwa m'sekondale m'dziko lonse. Koma tidziwe kuti digiri ya Humanities si digiri ya uphunzitsi. Amene akufuna kukhazikika pantchitoyi amafunika kuonjezerapo satifiketi ya uphunzitsi monga University Certificate in Education. Mphunzitsi wotero akakhwima amatha kufika pokonza masilabasi ku Malawi Institute of Education ku Domasi, kapena kuthandiza pantchito za mayeso ku MANEB.

Lachiwiri ndi utolankhani. Kupatula MBC, Zodiak, Times ndi Nation, tili ndi mawailesi a m'madera monga Dzimwe ku Mangochi ndi Nkhotakota Community Radio, ndipo onsewa amafuna anthu odziwa kufunsa mafunso ndi kulemba nkhani yolongosoka. Makampani ndi mabungwe nawonso amalemba anthu owalankhulira ndi owayendetsera masamba a Facebook. Mkonzi sataya nthawi ndi magiredi, amafunsa kuti, "Unalembapo chiyani? Tiwone."

Lachitatu, limene achinyamata ambiri amalinyozera, ndi la zilankhulo. Malamulo, mauthenga a zaumoyo ndi malangizo a ulimi amayamba kulembedwa m'Chingerezi, pomwe amene akufunika kuwamva amalankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilhomwe kapena Chisena. Pamafunika munthu womasulira mosapotoza. M'makhothi mumafunika otanthauzira. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies, imene inakonza Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Chifalansa chimatsegula khomo m'mabungwe a maiko ambiri, Chipwitikizi n'chothandiza pochita malonda ndi anansi athu a ku Mozambique, ndipo wachinyamata amene anaphunzira bwino Chiarabu kumadrasa adziwe kuti nachonso ndi luso loyenera kulilemba pa CV. Chilankhulo chimene mwana anayamwira, chimene mwina amachita nacho manyazi pakati pa anzake, chikhoza kukhala chimene chidzamupatse ntchito yoyamba.

Lachinayi ndi ntchito za m'boma ndi m'mabungwe. Maofesi a DC, makhonsolo ndi maunduna amafuna oyendetsa ntchito za muofesi, oyang'anira ogwira ntchito ndi olemba malipoti. Mabungwe a chitukuko amafuna anthu okacheza ndi anthu m'midzi, kutolera mayankho pa tabuleti ndi kulemba zimene apeza. National Statistical Office nayonso imalemba anthu oterewa pa nthawi ya kafukufuku, monga zinalili pa kalembera wa 2018. Zambiri mwa ntchitozi ndi za miyezi yochepa, koma ndi zimene zimadzaza CV. Apa wa Humanities amene waphunzirako Excel ndi kawerengedwe ka ziwerengero amakhala patsogolo.

Lachisanu ndi kusunga mbiri ndi chikhalidwe: National Archives ku Zomba, nyumba zosungira zinthu zakale ku Chichiri ndi ku Karonga, komanso malo okopa alendo monga zojambula za pamiyala za ku Chongoni m'boma la Dedza, zimene UNESCO inaziika m'kaundula wake mu 2006. Mipata kuno ndi yochepa, choncho amene akufuna njirayi ayambe msanga kudziwana ndi eni ntchito.

Palinso ena amene amagwiritsa ntchito digiriyi ngati makwerero, n'kupitiriza maphunziro a zamalamulo, a chitukuko kapena a kayendetsedwe ka bizinesi. Ena amadzilemba okha ntchito yokonza zolemba za anthu, kumasulira, kapena kuphunzitsa ana okonzekera MSCE.

Zoyenera kuchita usanavale gauni

Inu ophunzira, musadikire tsiku lolandira digiri. Pofika kumapeto kwa chaka chachiwiri mukhale mutasankha makomo awiri, ndipo maphunziro amene mukutenga m'zaka zotsalazo agwirizane ndi makomowo. Pa holide iliyonse kagogodeni kuwailesi, kusukulu kapena kubungwe lapafupi n'kupempha kuthandiza, ngakhale popanda malipiro. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Sungani chilichonse chimene mwalemba, mwamasulira kapena mwajambula, chifukwa ndi umboni wanu. Kafukufuku wa chaka chomaliza musamukopere kwa wina kapena kulipira munthu kuti akulembereni. Musankhe mutu wokhudza ntchito imene mukuifuna, kuti mudzakhale ndi chokamba pa intavyu. Mukamaliza, yesaninso mwayi wa pologalamu ya boma ya internship imene imayendetsedwa ndi unduna wa zantchito. Ndipo wina akakuuzani kuti mupereke ndalama kuti akupezereni ntchito, m'kaneni: chimenecho ndi chiphuphu kapena utambwali.

Mawu kwa makolo

Tisabise: ntchito m'dziko muno ndi zochepa, ndipo ambiri amene amaliza maphunziro, ngakhale a sayansi, amakhala nthawi yaitali akusakasaka. Wa Humanities kawirikawiri amayamba ndi ntchito yaing'ono, ya kanthawi, yamalipiro ochepa, kenako n'kumakwera. Tisamunyoze pomuyerekeza ndi mwana wa aneba, ndipo mwana wamkazi tisamusiyitse sukulu pakati poganiza kuti maphunziro akewo alibe phindu. M'malo momufunsa kuti adzakhala ndani, akabwera pa holide timufunse kuti: "Wasankha khomo liti, ndipo holide ino ukagogoda kuti?" Ngati tikudziwa mphunzitsi wamkulu, mtolankhani kapena wina wa kukhonsolo, timulumikize naye kuti akaone mmene ntchito imayendera. Thandizo limenelo sililira ndalama, ndipo Insha Allah likhoza kufupikitsa zaka zodikira.